Bowo Limene Mayi Estele Anatseka

Mukatsika minibasi pa Chitakale n'kulowa kanjira ka kuseri kwa magolosale, musanafike pamene amayi amaunjika zinanazi, mumva mashini osokera akulira pakhonde lina. Pamenepo ndi pa Mayi Estele Pilato. Ndi mayi wamfupi wa manja ochindikala, ndipo amatha kuseka singano ili pakamwa osaimeza. Madiresi aukwati sasoka. Mayunifolomu a sukulu amasoka mwa apo ndi apo, makolo akawachonderera. Ntchito yawo yeniyeni ndi kuveka mipando: makava a mipando ya minibasi, ya matakisi, ngakhale tizishalo ta njinga za kabaza. Dalaivala aliyense wa pa siteji amadziwa kuti mpando ukang'ambika mpaka siponji kumasuzumira kunja, mankhwala ake ali kwa amake Sharon.

Mayi ameneyu anabadwira m'malayini a pa esiteti ya tiyi. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, mphasa pamutu khasu paphewa, ndipo m'nyumba mwawo Chilomwe ndicho chinkatsogola, Chichewa n'kumabwera pambuyo. Bambo awo ankathyola tiyi, mayi awonso chimodzimodzi. Sukulu Estele anailekezera panjira, koma singano anaigwira asanathe n'komwe kusenza ndowa. Anayambira kusoka matumba ong'ambika ndi kuika zigamba pa malaya a bambo awo. Kumeneko n'kumene anatengera khalidwe limene ali nalo mpaka lero: sangaone bowo n'kulisiya. Akakhala m'tchalitchi, wa kutsogolo kwawo ali ndi kabowo pa bulauzi, ulaliki wonse umawapita. "Bowo salekerera," amatero. "Lero kulowa chala, mawa kulowa chibakera."

Amuna awo, a Elson Pilato, ndi dalaivala wa kalekale. Anayambira pa thirakitala yonyamula masamba a tiyi, kenako lole, kenako anadzipezera kagalimoto kawokawo kotopa, n'kumanyamula anthu pakati pa Chitakale, Mishoni ndi Milonde. Kagalimoto kameneko sitata yake inali itafa kalekale. N'chifukwa chake a Pilato sankaimika pamalo athyathyathya. Kulikonse ankafunafuna kamtsetse, mphuno ya galimoto kuloza kumunsi, mwala pa tayala. Ngakhale malo omangapo nyumba anasankha a pachitunda pa chifukwa chomwecho. Pa ukwati wa mwana wawo Sharon, ankhoswe ndi amene anakankha galimoto ya akwati, ndipo Estele nawonso anakwinya chilundu chawo chatsopano n'kuikapo phewa.

Khalidwe lina la a Pilato linali ili: pa mtsetse uliwonse ankazimitsa injini, giya n'kuika pa fili, galimoto n'kumatsika yokha mwakachetechete. "Mtsetse ndi mafuta a Mulungu," ankatero. Anzawo a pa siteji anawapatsa dzina loti a Fili, ndipo dzinalo linawakanirira.

Kagalimoto kaja katafa imfa yosadzukanso, a Pilato anakhala pakhomo. Munthu wozolowera chiwongolero akakhala pakhomo amasanduka wapolisi wa nkhuku. Ankalondola akazi awo mpaka pakhonde la mashini, kukhala pa benchi ya makasitomala, n'kumawalangiza kasokedwe. Anayamba kuwonda, kuseka kunatha, ndipo akamva minibasi ikusintha giya pamsewu ankatembenuza khosi ngati waitanidwa. Estele ankapempherera zinthu zambiri, koma masiku amenewo pemphero loyamba linali lakuti bambowa apeze chiwongolero.

Yankho linadzera kwa Mayi Janeti Kondi, amene ali ndi sitolo ya malata ndi simenti pa Chitakale pomwepo. Inali nthawi ija mafuta ankasowa, magalimoto n'kumachezera pamzere pomwetsera petulo. Mayi Janeti anamva kuti kuli magalimoto otchedwa hayibulidi amene amangonyambita mafuta, ndipo anaitanitsa imodzi, yogwirapo kale ntchito kunja, kuti ikhale takisi. Dalaivala ankafuna wachikulire, wosamwa, wosathamanga. Popereka makiyi anayang'ana a Pilato m'maso.

"Koma a Fili, tigwirizane. Zozimitsa injini pamtsetse zija zinapita ndi chikwakwalala chanu chija. Iyi si ngolo."

"Mayi, ndalapa," anatero a Pilato, chipewa chili m'manja.

Tsiku loyamba Estele anatseka mashini n'kupita pa siteji kukaonerera. A Pilato analowa, kukhala bwinobwino, kuponda buleki, n'kudina batani monga anauzidwira. Zii. Anatchera khutu. Zii. Anatulutsa mutu pawindo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukuwa monga anakuwira moyo wawo wonse:

"Akuluakulu, tabwerani tikankhe!"

Madalaivala anali atayamba kale kupinda mikono ya malaya pamene Jailosi, makaniko amene anaphunzira za magalimoto amenewa ku Limbe, anafika akuthamanga.

"Iyayi, iyayi! Madala, mukukankha chiyani? Galimotoyi yalira kale!"

"Yalira? Iwe Jailosi, makutu anga ndi okalamba koma sanafe."

"Taonani kanyali kobiriwira ako. Kakayaka ndiye kuti yadzuka. Ndipo iyi ngakhale mutaitana Chitakale yense, siilira ndi kukankha."

Jailosi anatsamira pachitseko n'kuyamba kufotokoza, anthu atazungulira ngati pali wogulitsa mankhwala a mano. Anati galimotoyo ili ndi zoiyendetsa ziwiri. Pali injini ya petulo yomwe aliyense amaidziwa, palinso mota ya magetsi. Magetsiwo amasungidwa mu batire lalikulu lomwe lili pansi pa mpando wam'mbuyo. Ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono, mota ndiyo imakoka, injini ili mtulo. Pokwera chitunda kapena pothamanga, injini imadzuka yokha, ziwirizo n'kumathandizana. Mukaima, injini imagonanso. Wouza uyu kuti dzuka, uyu pumula, ndi kakompyuta kam'kati, osati dalaivala.

Estele anagwedeza mutu. Kwa iwo zinali zomveka. N'chimodzimodzi amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akamatsitsa musi, mnzake amakhala akukweza, ndipo mphale imakonoka msanga popanda wothyoka msana.

"Nanga magetsi akathima, monga amachitira kuno, titchaja kuti?" anafunsa dalaivala wina.

"Siitchajidwa pakhoma. Imadzitchaja yokha. Mukukumbuka dayinamo ya njinga ija, yokhudza tayala n'kuyatsa nyali? Mukachotsa phazi pa mafuta kapena kuponda buleki, mota ija imasanduka dayinamo. Matayala ndi amene amaizunguza, magetsi n'kumabwerera mu batire. Akachepa kwambiri, injini imathandiza kudzaza. Ndiye madala, mukaika pa fili potsetsereka, mwalimana batire chakudya chake. Giya izikhala pomwe ili, inu muzingoponda buleki mofatsa. Injini izizima yokha."

A Pilato anayang'anitsitsa Jailosi. Kenako nkhope yawo inawala.

"Ukuti pamtsetse imazimitsa injini yokha?"

"Yokha."

"Mwamva inu? Mwamva? Zaka zonsezi mumandiseka! Anthu akunja anamva za ine, n'kuika nzeru zanga m'galimoto!"

Siteji yonse inafa nacho chiseko. Jailosi anawachenjezanso kuti mawaya a mtundu wa lalanje asadzawakhudze ngakhale ndi sipanala, chifukwa magetsi ake ndi opha. Kenako anagwira chitseko cham'mbuyo kuti awaonetse kanthu kena, koma nthawi yomweyo panafika banja lina ndi mayi wodwala wofuna ku chipatala cha Mishoni.

"Pitani, pitani," anatero Jailosi. "Zotsalazo ndidzakuuzani."

Sanawauze. Aliyense anaiwala.

Masiku otsatira anali okoma. A Pilato anayambanso kunenepa. Anzawo akamapsa ndi dzuwa pamzere wa mafuta, iwo ankadutsa akukweza dzanja ngati mkwati. Vuto linali limodzi: galimotoyo inkayenda ngati mphaka. Nkhuku za ku Milonde zinazolowera kuthawa phokoso, ndiye zinkangopitiriza kutolatola pakati pa msewu. Amayi osenza nkhuni ankadzidzimuka galimoto ili kale pa chidendene. A Pilato anaphunzira kuliza hutala pang'onopang'ono, ngati munthu woodira pakhomo la apongozi. Kunyumba nako zinasintha. Kale Estele ankamva kagalimoto kaja kakutsokomola kakadali kutali, n'kutereka madzi osamba. Tsopano ankangoona bambo ali pakhomo, iwo akucheza ndi aneba miyendo ili tambalale.

"Muziyamba mwatsokomola inuyo," anawauza. "Galimoto yanuyi ilibe ulemu."

Estele anaganiza zothokoza Mayi Janeti m'njira yomwe amaidziwa. Anasankha nsalu yolimba yabuluu, ya m'mphepete mofiira, kuti aveke mipando yonse ngati mphatso. Inali nyengo yozizira, chiperoni chikuwaza, phiri litafunda mitambo. Akuyeza mpando wam'mbuyo, atagwada tepi ili m'khosi, anaona chinthu chimene chinawaimitsa mtima. M'munsi mwa mpando, chakuchitseko, munali kapulasitiki ka tizibowo tondandalika ngati sefa. Pena panali patalowa kale khoko la mtedza.

"Anthu ophunzira awa," anadziyankhulira. "Kupanga galimoto yonseyi, n'kuiwala kutseka apa! Fumbi la ku Milonde lija lilowe, mwana akodze mkodzo ulowe, pansi pomwe pali batire?"

Anapatseka mwaluso. Nsalu anaipinda kawiri, pakati n'kuikapo pepala la pulasitiki loti madzi asadutse, n'kukoka zolimba mpaka pansi. Mayi Janeti ataona makavawo anaomba m'manja. Okwera ankasisita mipando asanakhale. Madalaivala ena anayamba kufuna nsalu yomweyo.

M'miyezi yozizira zonse zinayenda bwino. Koma chilimwe chitafika, dzuwa lija loswa mtengo, galimoto inayamba kusintha. M'mawa inkanyamuka bwinobwino. Dzuwa likafika pamutu, injini inkakana kugona. Pa siteji inkangolira, pamtsetse kulira, pachitunda kubuula ngati yasenza simenti. Kumbuyo kunkamveka kamluzu kosalekeza. Mafuta anayamba kutha ngati galimoto wamba, ndipo tsiku lina kanyali kachenjezo kanayaka.

Jailosi kunalibe, anali atapita kumalire a kumpoto kukatenga galimoto ya munthu. Pafoni anangoti mwina batire likuvutika, adzaliona Loweruka akadzabwera. Mawu oti batire atafika m'khutu mwa Mayi Janeti, anabwera okha pakhonde la mashini, pomwe a Pilato anali kudya chinangwa chophika.

"A Fili, ndinanena chiyani ine?"

"Mayi, sindinaikepo pa fili ngakhale tsiku limodzi. Mulungu ndi mboni."

"Mulungu sakwera takisi. Anthu akuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma apa zodya wamkulu zikupota ine. Batire limeneli likafa, galimoto yonse yagona. Jailosi ananena pamaso pa anthu kuti fili imamana batire chakudya. Ndani wina pa Chitakale pano amene dzina lake ndi Fili?"

A Pilato anakankhira mbale ya chinangwa pambali.

"Loweruka Jailosi akadzaiona, makiyi mudzandipatse. Sindikukwiya ayi. Koma chizolowezi ndi chizolowezi."

Mayi Janeti atapita, chinangwa chinatsala m'mbale. Estele anayang'ana benchi ya makasitomala ija, n'kuona kale amuna awo atakhalapo chaka chonse, akuwonda. Ankadziwa kuti bambowa sananame. Munthu wakhala naye zaka zonsezi umadziwa bodza lake likamabwera, ndipo la a Pilato limayamba ndi kukanda khutu. Khutu sanakande.

Lachinayi, Sharon anafuna kupita ndi mwana wake Chiyembekezo ku sikelo ku Mishoni. Khandalo linali ndi chimfine, ndipo Estele anati awaperekeza. Popita kunali kukadali kozizira, galimoto inayenda bwino. Pobwerera dzuwa linali litakwera, ndipo matenda aja anayamba. Injini inkalira osapuma. A Pilato anagwira chiwongolero ndi manja awiri.

Estele anakhala kumbuyo chakuchitseko, Sharon pambali pawo akuyamwitsa. Mayi aliyense amadziwa mmene mwana wotsekeka mphuno amayamwira. Amakoka kawiri katatu, n'kulavula bere, kutsegula kukamwa kuti apeze mpweya, kulira, n'kubwereranso. Njala ali nayo, mkaka ulipo, koma sangadye ndi kupuma nthawi imodzi.

"Mphunozo uzimudonthezera timadzi tamchere tija anakuuza anamwino," anatero Estele. "Mwana sangayamwe mphuno zili zotseka."

Akunena zimenezo, patapata wawo anavuka. Atawerama kuti amutole, kamluzu kaja kanawalira m'khutu mwenimweni. Kanali kuchokera pansi pa mpando. Anayang'anitsitsa. Nsalu yawo yabuluu, pamalo paja anatseka, inali italowa m'kati ngati tsaya la munthu woyamwa nzimbe, mpaka tizibowo ta sefa ija tinkaonekera pansalu. Anaikoka ndi zala. Ataisiya, inabwereranso phwa! Chinachake m'katimo chinkakoka mpweya ndi mphamvu zake zonse, koma osaupeza.

Anayang'ana nsalu. Anayang'ana mdzukulu wawo, kukamwa kuli yasa.

"Abambo a Sharon, taimani."

"Tifike kaye, galimotoyi ikaima mwina…"

"Ndati imani!"

Anaima pansi pa mtengo wa mango. Estele sayenda opanda kasizasi m'chikwama. Anagwada pa fumbi n'kuyamba kusomola ulusi wawo womwe, umene anausoka mokoma chotere. Nsalu itangochoka, anaika kaulusi pafupi ndi sefa ija. Kaulusiko kanathawa m'zala zawo n'kukakamira pa tizibowo.

"Mayi a Sharon, n'chiyani chimenecho?"

"Ndi mphuno," anayankha motsitsa mawu. "Galimotoyi imapumira apa. Ine ndinaitseka mphuno."

Anakhala pamthunzipo kwa kanthawi, zitseko zili zotsegula. Pang'ono ndi pang'ono kamluzu kaja kanatsika. Atanyamuka, pa mtsetse woyamba, injini inangoti zii, galimoto n'kumatsika mwakachetechete ngati kale. A Pilato anamenya chiwongolero ndi chikhatho, kuseka mpaka misozi.

"Yagona! Amake Sharon, yagona! Tamverani mmene yagonera!"

Koma atatsitsa Sharon kwawo, a Pilato anaimika galimoto n'kutembenuka.

"Nkhani iyi ithere m'galimoto muno."

"Ithere bwanji?"

"Galimoto yachira. Jailosi adzaipeza ili bwino. Inu dzina lanu pa siteji paja ndi loyera. Akamva kuti munatsamwitsa galimoto ya Mayi Janeti, ndani adzabweretsenso mpando kwa inu? Anthu aja pakamwa pawo mukupadziwa. Ine dzina langa linaonongeka kale."

"Ndiye mukuganiza kuti Mayi Janeti adzati chiyani? Adzati a Fili aopsezedwa, asiya fili, galimoto yachira. Umboni ndi umenewo. Makiyi adzatenga ndithu."

A Pilato anakanda khutu. "Ine kukhala pakhomo sikundivuta."

"Taonani dzanja lanulo lili pati," anatero Estele.

Lachisanu lonse Estele anapalasa mashini akuisinkhasinkha nkhaniyi. Sikuti zinali zopepuka. Dzina la telala lili ngati nsalu yoyera, likadontheredwa mafuta aliyense amaona pomwepo. Anaganiza zopita mwakachetechete ku sitolo kukanong'oneza Mayi Janeti. Koma a Pilato anali atanenedwa kale pa siteji ponse. Ena ankawakuwira kuti, "A Fili, mwapha ya magetsi!" Chonenedwa pagulu chimatsukidwa pagulu.

Loweruka m'mawa Jailosi anafika ndi kamakina kake koyezera. Mayi Janeti anabwera, madalaivala ndi a kabaza n'kuzungulira. A Pilato anaima pambali makiyi ali m'manja. Jailosi asanatsegule n'komwe chitseko, Estele anadutsa pakati pa anthu atanyamula kansalu kabuluu kaja, n'kugwada pang'ono pamaso pa Mayi Janeti.

"Mayi, musanalandire makiyiwo, landirani ichi. Wodwalitsa galimoto yanu ndi ameneyu, ndipo womusoka ndine."

Anafotokoza zonse, kuyambira khoko la mtedza mpaka mphuno za Chiyembekezo. Kenako dalaivala wina wa minibasi anayambitsa.

"Amake Sharon! Mpaka kuveka galimoto thewera?"

"Ndi pulasitiki yemwe, kuopa mkodzo!"

"A Fili, usiku muzigona ndi diso limodzi. Mukadzangoyasamula, adzakusokani pakamwa!"

Estele anaseka nawo, ngakhale makutu ankawatentha. "Iwe Noel, usandiyambe. Bowo la pa thalauza lako lija ndinatseka ndine, sunadandaule."

Jailosi anali atagwira kale mutu. "Mayi Janeti, apa nanenso ndili ndi gawo langa. Tsiku lija ndinagwira chitseko ichi kuti ndiwaonetse malo amenewa." Anagwada n'kumasula sefa ija. Anati batire likamagwira ntchito limatentha, monga foni imatenthera pa tchaja. M'katimo muli kafani kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto kudzera pa tizibowoto n'kumaliuzira. Mpweya ukasowa, kakompyuta kaja kamaona kuti batire latentha, ndiye kamalipumitsa kuti lisapse, ntchito yonse n'kugwera injini. M'nyengo yozizira zinkabisika, chilimwe ndicho chinaulula. Anatulutsa kafaniko, kali ndi fumbi ndi nyansi za thonje, n'kukapukuta ndi kaburashi. Kenako analumikiza kamakina kake, kuyang'ana kwa nthawi.

"Batire lili moyo. Latopa pang'ono, koma lili moyo. Mukanachedwa mwezi wina, bwenzi tikunena zina."

Mayi Janeti sanaseke. Anayang'ana Estele, anayang'ana a Pilato.

"Ine ndi wamalonda, ndimakhulupirira ndikaona. Tiyeni ku Mishoni, tikabwerere. Dzuwa ndi limeneli. Amake Sharon, mukhale ndi ine kumbuyo kuno."

Ananyamuka. Pachitunda injini inadzuka, kukoka mofatsa. Atafika pa mtsetse, Estele anaona dzanja lamanzere la amuna awo likunyamuka lokha kupita ku giya, monga linachitira kwa moyo wonse. Dzanjalo linafika pakati, linaima m'malere, kenako linabwerera n'kukakhala pa bondo, lamanja likugwira chiwongolero. Phazi linaponda buleki mofatsa. Injini inati zii. Kutsogolo, pa kagalasi ka pafupi ndi chiwongolero, timizere toonetsa magetsi a mu batire tinayamba kukwera.

"Dzanja limenelo ndaliona," anatero Mayi Janeti.

"Limapita lokha, mayi," anayankha a Pilato osatembenuka. "Koma tsiku lililonse ndimalibweza."

Atabwerera pa siteji, a Pilato anatsika n'kupereka makiyi ndi manja awiri, monga anagwirizanirana. Mayi Janeti anawalandira, kuwaponyaponya m'dzanja, kenako n'kuwaika m'chikhatho cha Estele.

"Apatseni ndinu. Ine ndinawanamizira, manyazi andigwira. A Pilato, pepani." Aka kanali koyamba kuwatchula dzina lawo lenileni. "Koma inu amake Sharon, mpando wanga sukhala wong'ambika chonchi. Mukaukonze. Ndipo mphunoyo ikhale panja."

Madzulo a tsiku lomwelo Estele anachita chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Anatenga nsalu yabwinobwino, n'kudula bowo dala. Analipinda m'mphepete ndi nsalu yofiira ija kuti lisamasuke, n'kulisiya pululu.

Zimene a Pilato ankaopa sizinachitike, ngakhale kuti kusekedwa sikunathe. Magalimoto a hayibulidi achuluka tsopano pa Chitakale, ndipo eni ake amabwera pakhonde paja chifukwa anamva kuti pali telala amene anaphunzira ndi misozi. Asanatulutse tepi, Estele amayamba wagwada n'kufunafuna pomwe galimotoyo imapumira, chifukwa ina mphuno yake ili m'munsi mwa mpando, ina m'mbali. Akapapeza amauza dalaivala kuti thumba la nandolo kapena chikwama cha wokwera chisamatsamire pamenepo, ndipo azipapukuta fumbi. A kabaza akamadutsa amakuwa kuti, "Amake Sharon, bowo ilo!" Iwo amangokweza sizasi m'mwamba, singano ili pakamwa.

A Pilato akadali pa chiwongolero. Benchi ya makasitomala ija amangoidutsa masana, kudzatenga chinangwa chawo. Kunyumba, asanakhote kulowa pabwalo, amaliza hutala kamodzi pang'ono kuti madzi aterekedwe. Koma poimika, ngakhale galimotoyo siifuna wokankha, amaimikabe pa kamtsetse kawo kaja, mphuno kuloza kumunsi, n'kutsika kukaika mwala pa tayala. Estele anasiya kuwaletsa.